Chitengwa cha pa Foni

Fraser anali wometa tsitsi pa Namadzi, koma amene ankamudziwa kwambiri sanali anthu a pa Namadzi ayi, anali anthu a m'foni. Kunabwera gemu ina yotchedwa Linga, imene anyamata a m'tauni anapanga m'Chinyanja chathu chomwechi, ndipo inagwira anthu ngati chimfine. M'gemumo aliyense amapatsidwa kamalo kuti amangepo mpanda, alime, asule mikondo, kenako agwirizane ndi anzake amene sanawaonepo n'komwe kuti akagumule malinga a ena. Onse amasewera pamodzi nthawi imodzi, wina ali ku Mzuzu, wina ku Joni, wina pa Thondwe pompa. Linga la Fraser, tisamunamizire, linali lalikulu ndithu, la nsanja zitalizitali, ndipo dzina limene anadzipatsa m'menemo linali lakuti Namondwe.

Kashopu kake kometera ndi kamene kanasanduka pozengera milandu ya gemuyo. Munthu ankabwera kudzameta n'kukhala pampando mutu uli mbali imodzi, chifukwa wometayo waika makina pansi kuti afotokoze bwino ndi manja onse awiri. Aliyense anali ndi dandaulo lake. Denis, mlamu wake wa Fraser, amene ankayendetsa kabaza wa njinga yamoto, ankati eni gemu ndi anthu opanda chisoni: nkhondo zikuluzikulu amaziika m'mawa, nthawi imene munthu wanzeru ali ku munda kapena pa msewu, ndiye opambana amangokhala malova a m'tauni okhaokha. Samira, mayi wogulitsa mayunitsi pa tebulo la pakhomo pa shopuyo, ankati vuto si nthawi koma kulemera kwa gemuyo. Akangoti aikonza, imamwa bandulo osasiya ndi dontho, ndipo netiweki ikaphethira pang'ono, pobwerera upeza asilikali ako onse aphedwa. Ena ankanyansidwa ndi malupanga ogula, amene amachititsa kuti mwana wa bwana woyamba dzulodzuloli agwetse munthu amene wakhetsa thukuta chaka chathunthu.

Fraser ankawatsutsa onsewo. Sikuti ankakhala ndi mfundo nthawi zonse, koma mawu omaliza ankafuna akhale ake basi.

Tsono eni gemu anali ndi kachitidwe kawo. Akafuna kusintha kanthu ankayamba afunsa osewera. Unkajambula mawu ako pa foni n'kutumiza, ndipo mawu amene awasangalatsa ankawaika pa Bwalo, malo amene aliyense amayamba wafikapo akangotsegula gemu. Mawuwo amangoyamba okha kulankhula, ufune usafune, ndipo sungawadumphe. Samira ankati kumeneko ndi kuumiriza anthu, aikepo batani lodumphira. Fraser ankamuyankha kuti ayi, zikhale chomwecho, anthu azimva maganizo a anzawo. Chifukwa chake chinali chodziwika: iye anali atatumiza mawu kambirimbiri, za mikondo, za nsanja, za mabwato, koma anali asanasankhidwepo ndi kamodzi komwe, ndipo zinkamudya mumtima.

Nyengo yokolola nandolo kunabwera funso latsopano. Eni gemu ankafuna kuyambitsa ukwati, kuti osewera awiri akakwatirana m'gemumo, malinga awo aziphatikizana n'kukhala limodzi. Funso linali lakuti asamuke ndani, mwamuna apite kwa mkazi kapena mkazi apite kwa mwamuna?

Tsiku limenelo m'shopu munadzaza. Denis yekha ndi amene kunalibe, anali atanyamula munthu wopita ku chipatala.

"Awiriwo azisankha okha," anatero Samira, akusuzumira pakhomo. "Apo ayi, wa linga laling'ono azisamukira ku lalikulu, nkhani yatha. Zovuta zili pati?"

"Ayi, kusankha kubweretsa ndewu," anatero mnyamata wina wogulitsa tchipisi. "Aike lamulo limodzi. Mwamuna azipita kwa mkazi, monga timachitira kuno."

"A kumpoto sangalole zimenezo, aisiya gemuyo!" anatero wina.

"Aisiye, tipume nawo malupanga awo ogulawo."

Pamenepo mkulu wina amene anali pampando, thaulo lili m'khosi, anayang'ana Fraser pa galasi n'kumwetulira. "Koma bwanji tikuvutika chonchi katswiri ali pompano? A Namondwe, inu si mumakhala ku Nchema kwa akazi anu? Tatiuzani, linga la apongozi limakoma bwanji?"

Shopu yonse inafa nacho chiseko.

Apa tinene zoona zake, chifukwa munthuyu sanalakwiridwe ndi aliyense. Kwawo kwa Fraser kunali ku Mbulumbuzi. Atakwatira Nester anapita kukakhala kwa mkazi wakeyo ku Nchema, chikamwini, monga anachitira bambo ake ndi agogo ake ndi theka la amuna amene ankasekawo. Ndipo kumeneko anamulandira ndi manja awiri. Apongozi ake, mayi a Nester, anamupatsa munda wa kumunsi kumene chinyontho sichitha msanga. A Kalinde, malume ake a Nester, anaponda naye dothi n'kuumba naye njerwa za nyumba yake. Mwana wawo Hannah atabadwa, apongoziwo ndi amene ankagona naye kuti Nester apume. Fraser ankazidziwa zonsezi bwino lomwe. Koma kuseka kwa anthu ndi chinthu choipa, abale, kumatseka munthu m'mutu.

Anaika makina pansi, n'kutulutsa foni. "Mukufuna maganizo anga? Khalani chete, ndiwauze eni ake amve."

Anadina pojambulira, n'kukweza mawu ngati ali pa msonkhano.

"Ine ndine Namondwe, wa ku Chiradzulu. Eni gemu, musatipusitse. Mwamuna wokhala kwa mkazi si mwamuna, ndi waganyu wogonera konko. Amalima munda wa eni, amafolera denga la eni, ngakhale nkhuku yake ikaikira, dziralo ndi la apongozi. Ndikudziwa chimene ndikunena, inenso ndili m'ndende yomweyo. Atangondimasula, mawa lomwe nditha kunyamula mkazi wanga kupita naye kwathu, kumene kuli malo oti ndingamange malinga ngakhale khumi. Ndiye m'gemu mokha muno mutisiye tikhaleko amuna!"

Anyamata anaomba m'manja, ena kuliza malikhweru. Samira yekha sanaseke.

"A Fraser, zimenezo musatumize."

"Zapita kale, mayi."

Mumtima anadzilimbitsa kuti palibe chimene chichitike. Za mikondo zija, zimene anaziganizira usana wonse, sanazisankhe, ndiye angasankhe bwanji zobwebweta za m'shopu? Anatenganso makina n'kumaliza mutu wa mkulu uja, ndipo pofika madzulo anali ataiwala.

Loweruka m'mawa banja lonse linali pa bwalo la apongozi, kupuntha nandolo. Fraser ndi Denis anali ndi ndodo, Nester ndi mayi ake ankapeta, Hannah akuthamangitsa makoko amene mphepo inkaulutsa. Denis anali atakoleka kasipika kake pa nthambi ya mpapaya kuti nyimbo zizifewetsa ntchito. Atapuma pang'ono anati aone ngati linga lake lagona bwino, n'kutsegula gemu foni ikadali yolumikizidwa ku sipika.

"Ine ndine Namondwe, wa ku Chiradzulu..."

"Alamu!" anakuwa Denis, nkhope yonse ili mwee. "Akusankhani! Amayi, achemwali, tamverani, alamu akulankhula ku dziko lonse!" Ndipo mwana wa eni akeyo, mwa chikondi chake, anakweza sipika mpaka pamapeto.

Fraser anangoti njo, ndodo ili m'mwamba. Anadzimva yekha akutchula waganyu, akutchula denga la eni. Pofika pa dzira la apongozi, Denis anali atasiya kumwetulira ndipo chala chake chinali kufunafuna pozimitsira.

"Isiye," anatero apongozi, osakweza mawu. "Isiye imalize."

Inamaliza. Panamveka ngakhale malikhweru a anyamata a m'shopu aja.

Palibe amene anamukalipira, ndipo chimenecho ndi chimene chinamupweteka koposa. Akanamutukwana, akanapeza poyankhira. Apongozi anatola lichero n'kupitiriza kupeta. Denis anakolola sipika yake n'kuiponya m'thumba, osamuyang'ana. Nester anasasa chitenje, anagwira Hannah pa dzanja n'kupita naye ku nyumba. Fraser anatsala akupuntha yekha mulu wa nandolo umene unali utapunthika kale, chifukwa sankadziwa kumene angaloze maso ake.

M'thumba mwake foni inkangonjenjemera. Atabisala kuseri kwa nkhokwe n'kuyang'ana, anapeza Bwalo lonse likuwira ndi dzina lake. Ena ankati Namondwe ndi mwamuna weniweni, eni gemu amumvere. Ena ankati ngati chikamwini chamukwana anyamule bulangete lake, asasokoneze gemu ya anthu. Mtsikana wina wa ku Mulanje analemba kuti linga la mkazi likhale la mkazi ngakhale ukwati utatha, apo ayi akazi onse atulukamo. Kutchuka kumene ankakulakalaka kuja kunali kutafika, ndipo anazimitsa foni.

Anamupeza Nester akutsuka mbale kuseri kwa nyumba.

"Mayi a Hannah, zija zinali zocheza chabe. Za gemu."

"Mawu aja anali a gemu kapena anu?"

"Anyamata anandiputa."

"Ndende," anatero Nester, akupukuta mbale imene inali youma kale. "Ine ndimauza anzanga ku mjigo kuti amuna anga akukhala mosangalala kwathu kuno. Ndimanyadira, bambo a Hannah. Kani ndimanyadira mkaidi."

Anatola mbale zija n'kulowa m'nyumba.

Mawa lake anthu atabwerako ku tchalitchi, a Kalinde anaitanitsa banja pa khonde la apongozi. A Kalinde anali munthu wofatsa, telala wa makina opalasa, wolankhula ngati akupepesa nthawi zonse. Anthu oyandikana nawo anayamba kupeza zifukwa zodutsira pamenepo, ndipo anyamata angapo osewera Linga anakhala pa chulu chapafupi ngati akuotha dzuwa.

"Bambo a Hannah," anayamba a Kalinde, "choyamba tipepese. Ife tinkaona ngati tapeza mwana, osadziwa kuti tamanga munthu. Kumanga munthu wosalakwa ndi tchimo. Ndiye takambirana ndi mlongo wangayu, taimbiranso ankhoswe a kwanu, iwo akuti alibe mawu. Chitengwa chimene munapempha chija takupatsani. Mutengeni mkazi wanu mupite naye kwanu, ndi mtima woyera. Hannah yekha atsale ndi agogo ake mpaka sukulu itsekere."



"Koma ndifunseko kamodzi, poti mwanayu ndi wathu," anapitiriza a Kalinde, akumuyang'ana mokoma mtima. "Malo munanena aja, alipodi eti?"

Pamenepa ndi pamene munthu wanzeru akanagwada. Ku Mbulumbuzi kunalibe malo a Fraser, ngakhale pobzala mpiru. Kamunda ka mayi ake kanali kakang'ono, ndipo monga mwa mwambo kanali ka mlongo wake Idesi ndi ana ake. Mwana wamwamuna kwawo ndi mlendo wodzaona odwala ndi kudzalira maliro. Anatsegula pakamwa kuti anene zimenezo, koma diso lake linagwera pa chulu paja. Anyamata anali tcheru, mmodzi atanyamula foni m'mwamba. Mawa lomwe Bwalo lonse likanadziwa kuti Namondwe wagwada.

"Alipo," anatero.

A Kalinde anaweramitsa mutu kanthawi. Apongozi anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Ananyamuka m'mawa mwake. Nester anamanga zovala ndi mapoto m'zitenje, n'kutuluka pa mudzi katundu ali pamutu, akutsanzika khomo ndi khomo monga amachitira munthu wopita ku chitengwa. Amayi ena anamuperekeza mpaka pa msewu. Denis anakweza mlongo wake pa njinga yamoto, ndipo Fraser anatsatira pambuyo pa njinga yake yakapalasa, matiresi atawapinda pa kaliyala. Njira yonse ankapemphera kuti tayala liphulike, kapena mvula igwe ngakhale sinali nyengo yake, koma njinga inayenda bwinobwino mpaka ku Mbulumbuzi.

Atafika anapeza Denis atatsitsa kale katundu n'kubwerera, osamwa ndi madzi omwe. Nester anali atakhala pa mtolo wake pakati pa bwalo. Idesi anaima chapafupi manja ali m'chiuno. Pamwamba pa kanyumba ka mayi awo panali munthu akufolera udzu watsopano, ndipo munthuyo anali Albert, mwamuna wa Idesi, mkamwini wa pamudzipo.

Albert anatsika msangamsanga, anapukuta manja pa buluku, n'kulandira njinga ya Fraser ndi ulemu wonse.

"Takulandirani, alamu. Tinamva kuti mukubwera." Anazengereza pang'ono. "Mawu anu aja anafikanso kuno, anthu akutumizirana pa mafoni. Ine za magemu sindizidziwa, koma ndamva kuti eni mudzi mukufuna malo. Ndiye musavutike. Ife ndi ana tisamukira ku khitchini, inu ndi alamu aakaziwa mulowe m'nyumba."

Chopweteka chake n'chakuti Albert sankanyoza. Munthuyo ankanena ndi mtima wake wonse, ndipo anali atayamba kale kuyang'ana kumene angaike mphasa.

"Asa!" anakuwa Idesi. "Musamukire kuti? Nyumba iyo munamanga ndinu, njerwa munaumba ndinu! Achimwene, tandionetsani malo a malinga khumi aja. Ali pati? Kuseri kwa chimbudziku? Ine ndabadwira pano, ndakalambira pano, sindinawaonepo. Mwina ali m'foni mwanumo, tulutsani timangepo."

"Idesi, tsitsa mawu, anthu akumva," anatero Fraser.

"Lero mwadziwa kuti anthu amamva?"

Mayi awo anali atakhala pa mkeka m'mbali mwa khoma, miyendo yotupa ataitambasula. Anamukodola Fraser ndi dzanja, iye n'kukagwada pafupi.

"Fraser, mwana wanga, wabwera, zikomo. Koma tandiuza. Miyendo iyi ikandivuta, amene amandikweza pa njinga kupita nane ku chipatala ndi bambo awa. Denga ili likadontha, amakwera ndi bambo awa. Iwe umabwera pa Khirisimasi. Ndiye munthu wondisunga ine ukumutcha waganyu, dziko lonse likumva? Ine nkhope ndiiike pati akamandipatsa phala?"

Albert, amene anamva zonsezo, anachita manyazi m'malo mwa Fraser, n'kunamizira kuti akufuna chingwe kuseri kwa nyumba.

Nkhani ya pogona anaithetsa ndi Nester. Anathokoza Albert mwaulemu, n'kunena kuti iye sanabwere kudzatulutsa mwini nyumba m'nyumba yake. Ananyamula mtolo wake n'kulowa nawo m'khitchini ya Idesi, kanyumba ka utsi kopanda chitseko chenicheni, n'kuyamba kusesa phulusa kuti apeze poyala. Matiresi sanakwanemo. Fraser anagona nawo pa khonde.

Kutacha anamupeza mkazi wake akusesa bwalo la eni. Maso ake anali ofiira ndi utsi, ndipo chitenje chake chatsopano, chimene anavala potsanzika anthu, chinali ndi mwaye kumbuyo konse. Fraser atachiona chitenjecho mtima wake unasweka, ndipo kudzikuza konse kunamuthera.

"Mayi a Hannah, ndilibe malo. Ndinanama. Kuno ndilibe ngakhale pokhoma msomali. Tiyeni tibwerere kunyumba."

Nester anaimika tsache.

"Mukuona ngati mukundiuza zachilendo? Ndinadziwa tsiku limene ndinabwera kudzaonekera kwa amayi anu, tisanakwatirane n'komwe. Malume akudziwa. Amayi akudziwa. Mudzi wonse ukudziwa kuti mwamuna wa kuno alibe munda kwawo."

"Nanga bwanji anandifunsa?"

"Anakutsegulirani khomo, bambo a Hannah. Mukanangoti ayi, malume akanaseka, amayi akanapha nkhuku, nkhani ikanathera pomwepo. Tinali titapangana choncho. Inu munayang'ana anyamata a pa chulu."

Fraser anakhala pansi pa mtondo umene unali chogona pamenepo. Sanadziwe kuti manyazi angathe kukula kuposa a dzulo lake, koma anakula.

"Ndikonza," anatero. "Nditumiza mawu ena ku Bwalo. Ndinena kuti ndinalakwitsa, kuti mwamuna azipita kwa mkazi, kuti chikamwini ndi chabwino. Aliyense amva."

"Amayi anga alibe gemu."

"Ndiye tiyeni limodzi, ndikapepese inu muli pomwepo."

"Ayi." Nester anayambanso kusesa. "Ine ndinatuluka pa mudzi katundu ali pamutu, ndinatsanzika khomo ndi khomo. Anandipereka kwa inu anthu akuona. Sindingabwerere ngati thumba limene lakanidwa pa sikelo. Pitani nokha, mukawauze amayi ndi pakamwa panu chimene mwandiuza inechi, mukapemphe malo. Akalola, Denis adzanditenge. Akakana, ndikhala m'khitchini muno, poti n'kumene amuna anga anditengera."

Ananyamuka dzuwa lisanakwere kwambiri, kaliyala ili yopanda kanthu. Njira yonse ankakonza mawu. Pakamwa ndiye anali napo, ndipo pofika pakati pa ulendo anali atapanga chipepeso chokongola, choyambira pa munda wa kumunsi, chodutsa pa njerwa za a Kalinde, chothera pa Hannah. Anachibwereza mpaka chinakhala bwino. Polowa m'mudzi anyamata ena anamukuwira kuti, "Namondwe! Mwabwerera chiyani, mwaiwala nsanja?" Iye anangoweramira pa handulo n'kupalasa.

Apongozi anali okha pakhomo, atakhala pa mphasa, akusankha nandolo m'lichero. Hannah anali ku sukulu. Fraser anatsamiritsa njinga pa mtengo, anavula chipewa, n'kugwada chapatali monga achitira mkamwini.

Mayiwo sanamuyang'ane iye. Anayang'ana kumbuyo kwake, ku njira imene wadzera, n'kudikira kanthawi ngati pali wina amene atulukire pa ngodya ya mpanda.

"Mwana wanga ali kuti?"

"Watsala, amayi. Ine ndabwera kuti..."

"Wafika bwino?"

"Wafika bwino, amayi."

"Wadya?"

"Wadya."

Apongozi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Fraser anakoka mpweya kuti ayambe za munda wa kumunsi zija.

"Nanga wagona pabwino? Uja chifuwa chake sichifuna mphepo, chiyambire ali wakhanda. M'nyumba mwanumo mulibe mphepo?"

Chipepeso chonse chija chinamuthawa. Anayang'ana pansi, pa dothi limene linali pakati pa mawondo ake.

"Ndikufunsatu, bambo."

"Wagona m'khitchini, amayi," anatero Fraser. "M'khitchini ya mlongo wanga. Pansi, pambali pa mafuwa."

Apongozi anaika lichero pansi mosamala. Anakoka nsonga ya chitenje n'kuphimba nkhope, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka popanda phokoso. Fraser anakhalabe chogwada padzuwapo. Mbuzi inabwera n'kuyamba kudya nandolo m'licheromo, ndipo panalibe amene anaithamangitsa.